Mutu 6: Kambale ka Pamwamba pa Shopu ya Azakhali

1. Msika wopanda netiweki

Msika watsopano unali wosanjikizana katatu, wa makoma ochindikala ndi denga la malata. Unali wokongola ndithu, koma foni ikangolowa pakhomo inkasanduka mwala. Wofuna kuimba ankachita kutuluka panja, kusiya katundu wake popanda womuyang'anira.

N'chifukwa chake kunabwera amisiri atatu kudzakonza vutoli. Kwa milungu inayi anakhala akukhoma kudenga timaeriyo toyera, tooneka ngati mbale zovundikira. Anthu a mumsikamo ankangotitchula kuti timbale. Tonse tinalipo 24, ndipo nthambo zake zinkakathera m'kachipinda ka pansi pa masitepe, m'mene munali bokosi lalikulu lachitsulo.

Mkulu wa amisiriwo ankadziwika ndi dzina lakuti a Yezani, chifukwa ukawafunsa kanthu kalikonse yankho lawo linali, "Yezani kaye." Wachiwiri anali a Makwerero, bambo wofatsa wa imvi, amene sankaoneka opanda makwerero paphewa. Wachitatu anali Changu, mtsikana wa zaka 19 wochokera kusukulu ya ntchito zamanja, amene anabwera kudzaphunzira ntchito kwa miyezi itatu. Dzinali anamupatsa ndi anzake a m'kalasi, poti iye ankamaliza mayeso ena akadali pa funso lachiwiri.

Lachisanu limenelo linali tsiku lalikulu. Nthawi ya 3 koloko masana kumabwera mayi injiniya wa ku kampani ya mafoni kudzayesa ntchito yonse. Akakhutira, amisiriwo apatsidwanso msika wina. Akapanda kukhutira, ntchito yathera pomwepo, ndipo Changu abwerera kusukulu ndi pepala losasayina.

M'mawa umenewo Changu atangozungulira msika kamodzi, anthu anali atamuimitsa kasanu.

"Iwe wa netiweki, tabwera kuno!" anakuwa telala wina, tepi yoyezera ili m'khosi. "Chiikireni kambale kanu aka pamwamba panga, mutu sukundisiya."

"Bambo, kambale kameneko tinakayatsa dzulo. Mutu munayamba kudandaula mwezi watha."

"Ndiye kuti mutu wanga unadziwiratu," telala uja anayankha, n'kupitiriza kusoka.

Mayi wogulitsa mapoto, mwana ali kumbuyo, ankafuna kuti amufufutire mauthenga amene anadzaza m'foni. Bambo wogulitsa maloko anafunsa monong'ona ngati timbale timamva zimene anthu akukambirana, "poti ine ndi akazi anga pano timayankhulana zambiri."

Changu anapumira m'mwamba n'kuthawira m'kachipinda kaja.

2. Chenjezo la a Yezani

"Khala pansi, mwanawe," anatero a Yezani. "Ine ndikupita ku ofesi kukatenga mapepala, ndibwera cha m'ma 1 koloko. Iwe uyende msika wonse ndi foni yoyezera, mzere ndi mzere, uzilemba m'laputopu zimene ukupeza. Kuyeza kokha. Wamva?"

"Ndamva, bwana. Munanenanso dzulo."

"Ndipo ndidzanenanso mawa. Tchera khutu. Timbale iti ukutiona tambirimbiri, koma si milongoti 24 ayi. Tonse timalankhula chinthu chimodzi, nthawi imodzi, kuchokera m'bokosi limodzi ili. Ubwino wake ndi wakuti munthu akhoza kuchoka pansi kukafika pamwamba akulankhula, foni yake osazindikira n'komwe kuti yasiya kambale kena yafika pa kena. Koma kuipa kwake kulinso pomwepo. Zili ngati mipopi 24 yotunga m'thanki imodzi. Ukachulutsa mipopi, madzi amafika pafupi ndi aliyense, koma thankiyo sikula. Bokosi ili tinaliyeza kuti linyamule anthu a mumsika muno basi."

Changu anagwedeza mutu mofulumira, chikwama ali nacho kale paphewa. A Yezani anali asanamalize.

"Tsono kambale ka nambala 3, ka pakhomo loyang'ana kudepoti ya mabasi, ndinakatsitsa mphamvu dala. Kunja kuja kuli chinamtindi cha anthu, aliyense foni m'thumba, ndipo ali ndi mlongoti wawo. Foni ilibe ulemu, mwanawe. Imathamangira aliyense amene akulankhula mokweza. Kambale kaja kakangokuwa, depoti yonse ibwera kudzatunga m'thanki yathu. Pamenepo aliyense aziona timizere todzaza pa foni, koma woimba sapezeka. Ine ntchito iyi ndaigwira zaka 22. Amene ndawaona akuchotsedwa si opusa ayi. Ndi ochenjera, odziwa podina koma osafunsa chifukwa chake. Paja safunsa anadya phula."

"Bwana, nthawi ikutha."

"Nthawi ndi yanga. Nayi kiyi ya chipinda chino. Usapereke kwa munthu."

A Yezani atatuluka, Changu anatembenukira kwa a Makwerero amene ankapinda nthambo pakona.

"Kodi chiyambireni akhala akulalikira chonchi?"

"Lero afupikitsa," anayankha a Makwerero akumwetulira. "Tsiku langa loyamba tinadya nkhomaliro ulaliki uli mkati."

3. Timizere tiwiri

Shopu ya azakhali ake a Changu inali pansi, pafupi ndi khomo lomwe lija loyang'ana kudepoti. Ankagulitsa nsalu. Iwowa ndi amene ankamusunga Changu chimwalirireni bambo ake, ndipo msika wonse unkadziwa zimenezi chifukwa ankauza aliyense.

Itangokwana 11 koloko, Changu anafika pamzere wawo ndi foni yake yoyezera. Azakhali anamukoka dzanja.

"Taona," anatero, akumuyandikizira foni pamphuno. "Werenga timizere iti."

"Tiwiri, azakhali."

"Tiwiri! Ukudziwa kuti mayi wa nsapato uko ali ndi tingati? Tinayi! Iye alibe m'bale pa kampani panu, koma kambale kake kakugwira ntchito. Ine m'bale ndili naye, kambale kali m'tulo."

"Koma foni ikuimba, azakhali. Timizere tiwiri n'tokwanira."

"Ikuimba ndikaima apa ngati msilikali. Ndikangolowa kuseri kwa nsalu uku, yaduka. Dzulo ndimalankhula ndi munthu wofuna nsalu za yunifolomu, mipukutu isanu, mawu n'kuthera pakati. Sanaimbenso. Ndiye mayi wa nsapato wandiseka m'mawa wonse. Akuti, 'Kodi mwana wanu uja ndi injiniya, kapena amangonyamula chikwama?'"

Changu anayang'ana kwa mayi wa nsapato, amene anamubayibitsa akuseka.

"Bwana anakana kuti tisakhudze kambale aka," anatero motsitsa mawu. "Pali chifukwa chake."

Azakhali anakhala pansi, n'kuika manja pamiyendo. Changu ankadziwa kuti akakhala chonchi nkhani imatalika.

"Mwana wa achimwene, ine ndinakutenga uli ndi zaka 12, tsitsi lako losapesa, nsapato imodzi yong'ambika. Ndinakuphunzitsa ndi nsalu zomwezi. Pamene unkawerenga za mawaya akozi, ine ndinkakuchapira kuti usataye nthawi. Kodi ndinakupemphapo kanthu? Lero ndikupempha timizere tiwiri tokha, zinthu zosaoneka ndi maso, zosagwirika, zosatha m'sitolo mwa munthu, iwe ukuti bwana anakana. Bwana wakoyo mwezi wamawa akhala atakuiwala ndi dzina lomwe. Ukadzadwala adzakufunditsa bulangeti ndi iyeyo? Chibale ndi fupa, sichiola. Koma pita, pita ukayeze za anthu ena. Ine ndizituluka panja ngati kale."

Changu anapisa dzanja m'thumba, n'kugwira kiyi ija.

4. Kudina kamodzi

M'kachipinda muja munalibe munthu. A Makwerero anali pamwamba akumanga nthambo yomwe inalendewera. Changu analumikiza laputopu kubokosi, ndipo mndandanda wa timbale tonse unaoneka. Tambiri mphamvu yake inali pa 20. Ka nambala 3 kanali pa 8.

"Ndingokweza pang'ono, azakhali aone, ndibwezere bwana asanafike," anadziuza.

Anakweza kufika pa 12. Anaganiza za kuseka kwa mayi wa nsapato, n'kukankhira mpaka pa 25. Anatseka chitseko n'kubwerera kushopu.

Anapeza azakhali ataimirira pakati pa njira, foni ili m'mwamba ngati chikho cha mpira.

"Tinayi! Bwerani mudzaone, amayi a nsapato! Ngakhale kuseri kwa nsalu, tinayi! Mumati amangonyamula chikwama?"

Changu anamva kukoma. Anakwera pamwamba penipeni kukapitiriza kuyeza, akuimba kanyimbo chamumtima. Anaganiza zotsika 12:30 kukabwezera zonse m'malo mwake.

Koma 12 koloko mabasi a masana anayamba kulowa m'depoti, limodzi pambuyo pa linzake.

5. Thanki yauma

Woyamba kudandaula anali bambo wa maloko.

"Achemwali, foni yanga yadzaza timizere koma ikungoti dikirani. Ndidikire chiyani?"

"Yesaninso, bambo."

"Ndayesa kasanu ndi kawiri!"

Posakhalitsa mzere wonse unali utamuzungulira. Wina kasitomala wake amalephera kulipira pa foni ndipo anachoka. Wina amadikira galimoto ya katundu osadziwa kuti ili pati. Kondakitala wina anachita kukwera masitepe kuchokera kudepoti, thukuta lili kamukamu.

"Kodi a netiweki ndi ati muno? Kunja kuja mafoni athu anali bwinobwino. Mwatilodza ndi timbale tanuti!"

Changu anayang'ana foni yake yoyezera. Mphamvu inali yokwanira paliponse. Anayesa kuimba, koma sinapite.

Anayamba kukankha anthu kuti atsike, koma pa nsanjika yapakati anamva mfuu. Mwana wa mayi wogulitsa mapoto, amene thupi linali lotentha kuyambira m'mawa, anali atakomoka. Maso anali atatembenuzika, timanja tikunjenjemera. Amayi anayi anali ndi mafoni kukhutu, aliyense akuyesa kuitana galimoto.

"Sikupita!"

"Yanganso sikupita!"

Telala uja anataya nsalu imene ankasoka, ananyamula mwanayo n'kutsika naye masitepe awiriawiri, mayi ake akulira pambuyo. Anakapeza takisi kudepoti.

Changu anathamangira kukachipinda kaja, kiyi ili kale m'manja. Anapeza chitseko chili chotsegula. A Yezani anali atabwerako msanga n'kutsegula ndi kiyi yawo ina, ndipo anali ataima kutsogolo kwa bokosi, mapepala ali m'khwapa.

"Ndangochoka maola awiri okha," anatero. "Awiri okha! Iwe, wakhudza kanthu muno?"

"Ayi, bwana."

Mawuwo anatuluka okha, mwachangu ngati dzina lake.

6. Pansi pa makwerero

A Yezani anayang'ana magetsi a pabokosi. Onse anali obiriwira. Anakanda m'mutu, kenako anaitana a Makwerero mokuwa.

"Ndi zija za mlungu watha! Nthambo ina yakhwepa polumikiza, ikubweretsa phokoso mu netiweki yonse. Ndinakuuzani kuti muzimanga zolimba, achikulire. Tsegulani timbale tonse, kamodzikamodzi. Tatsala ndi maola awiri mayi uja asanafike. Ikalephereka ntchito iyi chifukwa cha manja anu, ine sindidzakutenganinso. Ndatopa nazo!"

A Makwerero anaika makwerero paphewa, n'kuuza Changu kuti akawagwirire.

Anayambira pamwamba. Pa kambale kalikonse ankakwera, kumasula, kugwedeza nthambo, kumanganso, n'kutsika. Bondo lawo lakumanzere linali lovuta, choncho potsika ankayamba apuma pa sitepe iliyonse. Anthu ankawazungulira akuwanena.

"Madala, ngati ntchito yakukanikani kapumeni kunyumba!"

"Amenewa ndi amene atiwonongera malonda lero!"

Changu ankagwira makwerero, maso ali pansi. Laputopu inali m'chikwama kumsana kwake, ndipo inkalemera ngati thumba la simenti.

Pa kambale kachisanu ndi chiwiri, a Makwerero anatsika n'kukhala pa sitepe yomaliza. Anapukuta maso ndi mkono wa malaya.

"Zonse n'zolimba, mwana wanga," anatero. "Koma mwina ndine ndithu. Maso angawa masiku ano amandinamiza. Mwina bwana akunena zoona kuti nthawi yanga yakwana."

Anaimirira kuti anyamulenso makwerero. Changu anawagwira mkono.

"Musakwerenso, bambo. Si inu."

A Makwerero anamuyang'ana. Anangotsamiritsa makwerero kukhoma n'kumutsatira.

M'kachipinda muja Changu anatulutsa laputopu, anailumikiza, n'kuitembenuzira kwa a Yezani. Analoza nambala 3 ndi chala.

"Ndine ndinakweza, bwana. Azakhali anga amadandaula. Ndipo pamene munandifunsa, ndinanama."

A Yezani anavula magalasi, anawavalanso, n'kuwerenga.

"Pa 25! Mayo ine! Tsitsa. Tsitsa ndi dzanja lako lomwelo."

Changu anabwezera pa 8. Panapita mphindi imodzi, kenako msika wonse unalira. Mauthenga amene anaunjikana nthawi yonseyo analowa nthawi imodzi, pansi, pakati ndi pamwamba, ngati achule mvula ikagwa. Anthu ena anaomba m'manja. Pakati pa phokosolo panamveka mawu a azakhali: "Aa! Tabwereranso pa tiwiri!"

A Yezani anatseka chitseko.

"Kukweza kuja ndi kupusa kwa ubwana, ndipo aliyense anapusapo," anatero. "Ukanandiuza pomwe ndinakufunsa, bwenzi zitatha m'mphindi imodzi. Koma bodza lako lakweza munthu wamkulu uyu pa makwerero kasanu ndi kawiri, anthu akumutukwana, ine ndemwe n'kumunyoza pamaso pako, iwe uli chete ukugwirira makwerero. Nanga mwana uja akanapanda kupeza takisi? Anthu akaona timizere pa foni amagona mtima, amati tikavutika tiimba. Ife ntchito yathu ndi yakuti chikhulupiriro chimenecho chisawanamize. Azakhali ako ndi azakhali ako kunyumba. Ukalowa m'chipinda muno, msika wonse ndi azakhali ako, ndi a kudepoti omwe. Ukanabwera kwa ine, tikanaika kambale kena kakang'ono kuseri kwa nsalu zawo, koyang'ana mkati. Nthambo yatsala, ili apo. Koma iwe unafuna kuoneka."

Changu anagwada pamaso pa a Makwerero.

"Pepani, bambo."

"Pepani sapoletsa bondo," iwo anatero akulisisita. "Koma dzuka. Mawa makwerero unyamula ndiwe."

Atatuluka, Changu anakumana ndi telala uja akubwerera. Telalayo anati mwana uja watsitsimuka ndipo amugoneka kuchipatala. Changu anatsamira khoma. Azakhali anafika pomwepo, foni ili m'manja.

"Ndamva kuti akukukalipira. Inetu ndinangonena, sindinakutume kuti uzimitse msika wonse. Ana a masiku ano simumva bwino."

Changu ananyamula chikwama chake n'kukapitiriza kuyeza.

7. Mayi injiniya

Mayi injiniya anafika 3 koloko yeniyeni. Anali wamfupi, wosaseka, wovala nsapato zoyendera. Anayenda msika wonse akuimba foni, kuchokera pakhomo la kudepoti mpaka pakona yomaliza ya pamwamba, ndipo sinaduke ngakhale kamodzi. Kenako analowa m'kachipinda muja n'kulumikiza laputopu yakeyake.

"Bokosi ili limasunga mbiri ya chilichonse chimene chasinthidwa," anatero. "Lero 11:20 wina anakweza nambala 3. Ndani?"

A Yezani anatsegula pakamwa, koma Changu anawatsogolera.

"Ndine, mayi. Palibe anandituma. Ndinachenjezedwa, koma sindinamvere."

Mayiyo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kulemba kanthu m'kabuku kake.

"Chabwino. Wavomera wekha, ndipo za iwe tikambirana Lolemba ku ofesi kwanga. Ubwere ndi pepala lako la kusukulu. Koma imeneyo ndi imodzi. Nanga izi?"

Anatembenuza laputopu kuti onse aone.

"Lachiwiri, 10 koloko m'mawa, wina anatsitsa timbale tinayi ta pamwamba, n'kukweza kamodzi ka pa ofesi ya woyang'anira msika. Mpaka pano sizinabwezedwe, ndipo m'mapepala amene mwandipatsawa mulibemo. Nawenso ndiwe?"

"Ayi, mayi. Lachiwiri m'mawa ndinali kusukulu, ndimalemba mayeso."

"Ndiye atsala anthu awiri," anatero mayi injiniya, akutseka cholembera chake. "Ine sindisayina kanthu mpaka ndimve."

A Makwerero anayang'ana a Yezani. A Yezani anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta pang'onopang'ono, ndipo Changu anazindikira kuti wolakwa wachiwiri anali mlaliki yemwe uja.